Bwalo la ana: kabuku ka mabanja a m'midzi yozungulira Lukusuzi

Mwana wa miyezi 8 akakhala pamphasa mayi ake akusenda mtedza, amatola chipande, kuchimenyetsa pansi, kuchiponya uko, kenaka n'kuyang'ana mayi ake kumaso. Mayi akachitola n'kumubwezera uku akunena kuti "nachi chipande chako", mwanayo amaseka n'kuchiponyanso, ndipo angachite zimenezi kakhumi osatopa. Wodutsa m'njira angati mwanayu ngovuta. Koma pa kanthawi kochepako mwana waphunzira kuti chinthu chikagwa sichitha, kuti chili ndi dzina, kuti dzanja lake limamumvera, ndiponso kuti iye akachita kanthu pali munthu amene amayankha. Mutu wa mwana umakulira pa kuyankhana kotereku monga mmene thupi limakulira pa bere ndi phala. Kabuku kano kakulimbikitsa mabanja kuti ayambitse gulu lodzipereka la m'mudzi losamalira ana kudzera m'masewera, lomwe muno tikulitcha bwalo la ana, ndipo mfundo yake ndi imodzi: mphamvu ya gulu lotere ili mwa makolo amene aphunzira kusewera ndi kucheza ndi ana awo, kotero mudzi ukhoza kuliyamba chaka chino ndi zimene uli nazo kale, nyumba ndi zidole zogula zisanapezeke.

Midzi ya kuno ili ndi chifukwa chake chapadera chochitira zimenezi. Kuyambira Januwale 2022 boma la Zambia linachotsa malipiro a sukulu kuchokera ku makalasi a ana aang'ono mpaka ku sekondale, ndipo masukulu ena apulayimale ali ndi kalasi ya ana a zaka 3 kupita m'mwamba. Zimenezo n'zabwino, koma kalasiyo imathandiza mwana amene angafikeko. M'madera a mafumu Chikomeni ndi Mwasemphangwe, pakati pa nkhalango ya Lukusuzi ndi ya Kasungu ku Malawi, midzi yambiri ndi yotalikirana ndi sukulu, mitsinje imadzaza nthawi ya dzinja, ndipo njira zina ndi zomwenso njovu zimadutsamo. Chisamutsireni njovu 263 kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu mu Julayi 2022, alimi a m'malire akhala akudandaula za minda yowonongeka ndi miyoyo ya anthu imene yatayika. Ndi kholo liti lingatulutse mwana wa zaka 4 m'mamawa kuti ayende mtunda wautali chimanga chili chachiwisi m'minda? Ndiye kuti ana ambiri a kuno adzakhala pakhomo mpaka kulowa Giredi 1, ndipo zaka zitatu zoyambirira, zomwe ubongo umakula mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse, palibe kalasi imene imazifikira ngakhale kwa amene ali pafupi ndi Lundazi kapena Lumezi. Zaka zimenezo zili m'manja mwa amayi, abambo, ambuya ndi akulu ake a mwana.

Umboni woti masewera a pakhomo amasintha moyo wa munthu unachokera koyamba ku Kingston, m'dziko la Jamaica. Mu 1986 ndi 1987 dokotala Sally Grantham-McGregor ndi anzake anasankha ana 129 opinimbira a miyezi 9 mpaka 24 n'kuwagawa m'magulu. Ena ankalandira mkaka wowonjezera, ena ankayenderedwa mlungu uliwonse kwa zaka ziwiri ndi wazaumoyo wa m'dera amene ankawonetsa mayi kasewedwe ndi kachezedwe ndi mwana, ena ankalandira zonse ziwiri, ena ankangopimidwa. Zoseweretsa zake zinali zopanga pamanja kuchokera ku mabotolo, nsanza ndi zina zotayidwa. Patapita zaka pafupifupi 20 ofufuza anawalondolanso anawo, ndipo zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2014 zinasonyeza kuti amene amayi awo anaphunzitsidwa kusewera nawo ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo amene sanayenderedwe. Phindu la mkaka wowonjezera uja linawoneka anawo ali aang'ono, kenaka linazilala. Chimene chinatsala ndi chija mayi anachiphunzira n'kumachichita tsiku ndi tsiku mlendo atapita.

Wina angati Jamaica n'kutali. Tiyeni tibwere kwathu. M'maboma a Choma ndi Pemba, m'chigawo cha Kummwera, ofufuza anayesa magulu a amayi okumana kawiri pamwezi motsogoleredwa ndi mayi mnzawo wosankhidwa ndi anthu a m'mudzi momwemo. Ankaphunzira za kadyetsedwe, masewera ndi kucheza ndi mwana. Zotsatira za zaka ziwiri, zomwe zinatuluka mu 2018, zinasonyeza kuti kupinimbira kunachepa pakati pa ana a m'maguluwo ndipo kalankhulidwe kawo kanapita patsogolo. Ku Malawi nako kunachitika kafukufuku m'sukulu zamkombaphala 199 m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo. Sukulu zina zinalandira zoseweretsa zokha, zina alezi ake anaphunzitsidwanso, zina makolo nawonso anaphunzitsidwa. Patatha miyezi 18, ana amene anawonetsa kusintha pa chilankhulo ndi pa kakhalidwe ndi anzawo anali a kumene makolo analowetsedwamo. Tinene zoona zonse: pofika miyezi 36 kusiyanako sikunawonekenso. Phunziro lake ndi lakuti ntchitoyi siyofanana ndi katemera wobaya kamodzi, imafuna kupitirizidwa, ndipo chimene chingapitirire mudzi uli wokha ndi chimene chakhazikika m'manja mwa eni mudzi. Kuno ku Chigawo cha Kummawa, UNICEF mogwirizana ndi boma komanso thandizo la LEGO Foundation inakhazikitsa malo otchedwa Insaka m'maboma a Katete ndi Petauke, kumene makolo ndi ana amakumana ndipo odzipereka amayendera mabanja m'makomo. Malowo ali ndi nyumba zabwino, koma mudzi umene ulibe nyumba yotero ungatengepo mtima wa ntchitoyo, womwe ndi kukumana ndi kuyenderana.

Pali akuluakulu amene amati zonsezi ndi nzeru zachizungu, kuti ife tinakula popanda wotiphunzitsa kusewera. Mawu awo ali ndi choona china, ndipo choonacho chili kumbali ya kabuku kano. Robert Serpell wa ku University of Zambia anayamba kufufuza m'midzi ya Achewa ku Katete m'zaka za m'ma 1970, akufunsa akuluakulu kuti mwana wanzeru ndi wotani. Anapeza kuti kwa Achewa nzeru zili ndi mbali ziwiri, kuchenjera ndi kutumikira, moti mwana wochenjera koma wosatumika sayesedwa wanzeru. Anayerekezanso ana a ku Zambia ndi a ku England pa kutengera zithunzi: pojambula ndi pensulo a ku England anapambana, popinda waya a ku Zambia anawasiya kutali, poumba ndi dongo anafanana. Kuchokera pa ntchito yotereyi panabadwa mayeso otchedwa Panga Munthu, oyeza kakulidwe ka nzeru za mwana pomuumbitsa munthu wadongo. Naye Mapopa Mtonga analemba buku lonse la masewera a ana a Chichewa ndi Chitumbuka, lomwe linatuluka mu 2012. Mtsikana wochita chiyato akuwerenga miyala uku maso ndi dzanja zikugwira ntchito pamodzi. Mnyamata wa pansolo akuwerengera mayenje angapo patsogolo asanaseweze. Pamasanje ana amagawana maudindo, kukangana, kuweruzana n'kugwirizananso. Chilape chimaphunzitsa kuona chinthu chimodzi mwa chinzake, ndipo nthano kapena vidokoni za madzulo zimaphunzitsa kumvetsera nkhani yaitali ndi kuyankha pa nthawi yake. Sukulu imeneyi ndi yathu. Chomvetsa chisoni n'chakuti ikucheperachepera, chifukwa madzulo ambiri tsopano amathera pa foni kapena pa kanema wa pagolosale, ndipo ambuya odziwa nthano akupita nazo kumanda.

Ena amati ana amasewera okha, palibe chofunira gulu. Kwa a zaka 6 kapena 7 n'zoonadi. Vuto lili pa khanda ndi mwana wongoyamba kuyenda. Iyeyu tsiku lake limathera kumbuyo kwa mayi amene wawerama ndi khasu, kapena kumbuyo kwa mlongo wake wa zaka 8 amene naye mtima uli ku waida. Wadya, wasamba, wagona, koma dzuwa lalowa asanamve munthu akulankhula naye maso ndi maso. Alipo ngakhale amene amaseka mayi wocheza ndi khanda, amvekere "kodi akukumvani ameneyo?" Akumva ndithu. Mwana amayamba kumva mawu a mayi ake akadali m'mimba, ndipo mawu amene adzalankhule ali ndi zaka ziwiri amawasonkhanitsa miyezi yonse ija ali chete. Gulu likufunika kuti mayi wachitsikana wa mwana woyamba asachite manyazi kuyimbira ndi kulankhula ndi khanda lake, poona kuti anzake onse akutero ndipo ambuya akuvomereza. M'mera mpoyamba.

Kayambidwe kake kasakhale kovuta. Anthu atatu kapena anayi amene nkhaniyi yawagwira mtima apite kwa anyakwawa kukapempha malo ndi mawu awo, pakuti chinthu chimene mfumu yachilengeza pabwalo sichikhala cha banja limodzi kapena cha mpingo umodzi. Mabanja 10 mpaka 15 ndi okwanira. Akachuluka ndi bwino kugawa magulu awiri kusiyana n'kuti ana aziyenda mtunda. Malo akhale pakati pa mudzi, pamthunzi wa mtengo kapena pachisakasa chaudzu, kutali ndi chitsime chosavundikira, mtsinje, msewu wa njinga zamoto ndi maenje osiyidwa ndi okumba miyala yamtengo wapatali. Musankhe alezi osachepera anayi kuti azisinthana, ndipo pakati pawo pakhale bambo mmodzi ndi gogo mmodzi. Dziwitsani a kukiliniki yapafupi, a komiti ya zaumoyo ya m'dera ndi a gulu la uchembere wabwino lotchedwa SMAG, chifukwa iwowa amafika kale m'makomo mwa amayi oyembekezera ndi ochira kumene, ndiponso tsiku la sikelo ndi mpata wabwino wokumana ndi makolo ambiri. Makolo azikumana ndi ana awo kawiri pamwezi, ana a zaka 3 kupita m'mwamba azibwera kawiri kapena katatu pamlungu kwa maola awiri. Nthawi yabwino ndi dzuwa litakwera, cha m'ma 9 koloko, ndipo aliyense akhale atafika kwawo dzuwa lisanapendeke. Mbiri ya njovu ikamveka pafupi, tsikulo bwalo lisakhalepo.

Tsiku la makolo lisasanduke msonkhano womwe mmodzi akulalikira ena akuwodzera. Yambani ndi kusamba m'manja pa mpondagiya, kenaka nyimbo imene aliyense akuidziwa. Mlezi awonetse sewero limodzi lokha, ndi mwana weniweni, ndipo kholo lililonse liyese ndi mwana wake pomwepo. Tiyerekeze kuti lero ndi la ana a chaka chimodzi: mayi aika zisononkho zitatu m'kambale, mwana azitulutsa, mayi anena "watulutsa", mwana abwezeramo chimodzi, mayi anena "walowetsa, wachita bwino". Mwana akasiya zisononkho n'kuloza nkhuku imene ikudutsa, mayi asamukokere ku mbale, atsate maso ake n'kunena "nkhuku iyo, ikuti kokoliko". Luso lonse lagona pamenepa, kuona chimene mwana wachiyang'ana, kuchitchula dzina, kudikira kuti iye ayankhe ngakhale ndi kaphokoso chabe, ndi kumuyamikira. Wa miyezi yosakwana 6 amafuna nkhope, nyimbo, kugonekedwa chafufumimba kwa kanthawi ali maso wamkulu ali pomwepo, ndi kansalu kowala koti azikatsata ndi maso. Wa zaka ziwiri amakonda kusanjikiza, kutsanzira kusinja ndi kuphika, ndi kufunsidwa kuti mphuno ili kuti. Wa zaka 4 apatseni dongo, makala ojambulira, nyemba ndi chimanga zoti asiyanitse, ndipo akamaliza kumva nthano ayifotokoze yekha m'chilankhulo cha kwawo, kaya Chichewa kaya Chitumbuka. Pomaliza kholo lililonse linene sewero limene likachite kunyumba, ndipo pa kukumana kotsatira muyambe ndi kufunsana mmene zinayendera.

Zoseweretsa zili paliponse m'mudzi: zikho, zisononkho, timitengo tosalazidwa, mpira wachikulunga, zidole zansanza, ng'ombe zadongo, galimoto zamawaya zomwe anyamata aakulu angapangire ang'ono awo. Apa pafunika chenjezo lamphamvu. Kuno timalima thonje ndi fodya, ndipo mabotolo a mankhwala opopera amapezeka m'makomo ambiri. Botolo limene munali mankhwala a mbewu kapena a ziweto lisakhale choseweretsa, ngakhale mutalitsuka kangati. Mabatire akutha a tochi ndi a wailesi atayidwe m'chimbudzi. Kwa mwana wosakwana zaka 3, chilichonse chotha kulowa chonse m'kamwa, monga njere za chimanga, mikanda ndi timiyala, chingamutsamwe. Ngati mwaika njere m'botolo la zakumwa kuti likhale chisekese, tsekani mwamphamvu ndipo muziliyang'ana nthawi zonse musanampatse. Nsonga za waya zipindidwe, zitini zakuthwa m'kamwa zisakhalepo, ndipo zonse zolowa m'kamwa mwa makanda zitsukidwe ndi sopo tsiku lililonse la bwalo.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse ndi cha njala. Mwana wanjala sasewera, ndipo amene anaona chilala cha 2024, chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, sangapeputse mawu amenewa. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 mu Zambia anali opinimbira. Masewera sangalowe m'malo mwa chakudya. Komabe ana aja a ku Jamaica anali opinimbira onse, ochokera m'mabanja osauka, ndipo ndi iwo amene masewera anawapindulira. Mwana woperewera zakudya amakhala wofooka ndi wachete, akuluakulu amamusiya poti savuta, ndiye amamanidwa kawiri. Choncho bwalo ligwire zonse ziwiri. Pokolola, kuyambira Meyi mpaka Julayi, banja lililonse lisonkhe zimene lingathe, chimanga, mtedza kapena soya, zisungidwe kwa munthu wokhulupirika kuti zidzathandize mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikapepuka. Phala lamgaiwa lothira nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, pena dzungu kapena masamba osinja, ndi lokwanira. Khanda losakwana miyezi 6 liyamwe bere lokha. Mwana wotupa mapazi, wowonda kwambiri kapena wokana kudya apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira la sikelo.

Nanga nthawi ichokera kuti, poti kuyambira Novembala mpaka Malichi aliyense ali kumunda? M'miyezi imeneyo chepetsani kukumana, kamodzi pamwezi n'kokwanira, koma musatseke. Zambiri zimene mwana amafuna zimalowa m'ntchito imene mukugwira kale. Pomusambitsa tchulani dzanja, mwendo, khutu. Popita kumunda muwonetseni mtengo wa msuku, chulu, mapazi a mbuzi. Posankha mtedza wa zaka 4 awerenge nanu milu. Abambo, mbali iyi ndi yanunso. Mwana amene bambo ake amamunyamula, kumuseketsa ndi kumupangira nguli amakhala ndi anthu awiri omuphunzitsa mawu, ndipo mayi amapeza mpata wopuma, chinthu chofunika kwambiri chifukwa mayi wotopa ndi wodandaula mumtima zimamuvuta kusekerera khanda. Bwalo likaona mayi amene wangoti ndwii, salankhula, sakondwa ndi mwana wake, limuyendere mwachikondi ndi kumuperekeza kukiliniki.

Ana amene bwalo liyenera kuwafunafuna ndi aja sabwera okha: wolumala amene amabisidwa m'nyumba, wamasiye woleredwa ndi ambuya okalamba, wa mtsikana amene anabereka akadali pasukulu ndipo akuopa maso a anthu. Mwana wosamva amasewera ndi manja ndi nkhope, wosaona amasewera ndi mawu ndi zogwira, wosayenda aikidwe pakati pa anzake osati pambali. Ngati mwana sakukhala yekha pofika miyezi 9, sakuyenda pofika miyezi 18, kapena alibe mawu ngakhale amodzi pofika zaka ziwiri, auzeni a zaumoyo msanga. Kuchedwa kotere nthawi zambiri kumathandizika kukadziwika koyambirira, ndipo si chifukwa cholozerana zala za ufiti. Pabwalo pasakhale mkwapulo. Lamulo la ana la 2022, Children's Code Act, limaletsa kulanga mwana pomumenya, ndiponso mwana wamantha safunsa, sayesa, saphunzira. Nthawi zonse pakhale akuluakulu awiri, mwana asatengedwe ndi munthu amene makolo sanamutchule, ndipo pakakhala chikayiko cha nkhanza nkhani ipite ku Victim Support Unit ya apolisi kapena muyimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana. Nkhani yotere isathere pa kulipitsana mbuzi.

Zatsala ndi za ndalama. Thandizo lakunja likabwera lilandireni, ndipo gulu likakhazikika mukhoza kulilembetsa kuboma n'kupempha kudzera ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu kuti thumba la chitukuko la CDF, lomwe mu 2022 linakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, lithandize pa chisakasa cholimba, chimbudzi kapena mjigo. Koma magulu ambiri a m'midzi amafa pamene wopereka wachoka, ndipo ena amafa msanga pokanganirana njinga kapena malaya amene anabwera ndi thandizolo. Chimene chimagwetsa bwalo kawirikawiri ndi kutopa kwa alezi, chifukwa mayi amene wakhala ndi ana a eni ake m'mawa wonse munda wake ukumera udzu. Mugwirizane poyambirira penipeni, pamaso pa anyakwawa, kuti mabanja onse a m'gulu azikapalira munda wa mlezi aliyense tsiku limodzi mu Disembala ndi linanso mu Januwale, ndiponso kuti pokolola mlezi azilandira gawo lodziwika la zosonkha. Gulani kope limodzi. Patsamba loyamba mulembe mayina a ana ndi miyezi imene anabadwa, pamasamba otsatira amene abwera tsiku lililonse ndi zonse zolowa ndi zotuluka m'nkhokwe ya gulu, ndipo kopelo liziwerengedwa mokweza pamaso pa onse mwezi uliwonse. Dzina la mwana likasowa kawiri motsatizana, alezi awiri apite kwawo mlungu womwewo akamve chimene chachitika.